Madeya a Mbalame za a Mateusi

Ku Sanjala kuno chaka chija chili ndi mayina angapo. Ena amati chaka cha mbozi, ena amati chaka chimene mvula inadula. Ine ndikachikumbukira ndimaona mbalame, chifukwa ndi zimene ndinkaziyang'ana tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani yonse ya njala ya pakhomo pathu inamangika pa izo.

Dzina langa ndine Luwiza. Amuna anga, a Mateusi, anali kalaliki ku maofesi a boma mu Lichinga muno mpaka atapuma, ndipo chifukwa cha iwo anthu ankanditchula Dona Luwiza. Atangopuma pantchito anagwa pakhonde m'mawa wina. Mbali yonse ya kumanja inafa, lilime nalo linalemera. Kandalama ka lefoma, kamene amalandira opuma pantchito, kankathera ku mankhwala ndi ku njinga zamoto zotiperekeza kuchipatala. Chakudya chathu chinkachokera kumunda wathu kunja kwa tawuni. Anthu sankadziwa zimenezi. Iwo ankaona nyumba ya njerwa, makatani m'mawindo, ndi ine ndikupita kutchalitchi nditavala nsapato.

Novembala

M'mawa uliwonse, chisanu chikayamba kutha, ndinkawatulutsa a Mateusi n'kuwakhazika pampando pansi pa mtengo wa mapichesi, bulangete lili m'miyendo. Patsogolo pawo panali chidutswa cha lata lakale lofolera nyumba. Pamenepo ndinkawazapo madeya odzaza manja awiri, iwo n'kumadikira alendo awo.

Zoyamba kutera zinali njiwa. Sizinkatera palata penipeni. Zinkatera chapatali, n'kumabwera wapansi zikugwedeza mitu ngati azimayi olowa pamaliro, ndipo zinkasankha timisere ta chimanga tokhatokha n'kumameza osatafuna. Kenako mpheta zinkagwa zonse pamodzi ngati wina wazikhuthula m'thumba, zikukangana, zikumwaza madeya ndi miyendo. Pumbwa za madeya analibe nazo ntchito. Iye ankakhala m'mwamba, n'kumagogoda pichesi lililonse kuona ngati lafewa. Timba ankalowa pansi pa masamba a nyemba kufuna tizilombo. Khwangwala akangodutsa, onsewo ankazimirira, a Mateusi n'kumenya mpando ndi dzanja lawo lamoyo lija mokwiya.

Mawu oyamba amene anawatchula bwinobwino chigwereni sanali dzina langa. Anali akuti "njiwa." Ndinalira tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo madeya sankasowa palata.

Kuchigayo aliyense ankadziwa. Mwini chigayo ankandisungira madeya amene anthu asiya, ndipo ndikafika azimayi ankaseka.

"Dona Luwiza abwerera chakudya cha mbalame za bambo. Koma anthu ophunzira! Ife tikutchera mpheta, iwo akuziphikira."

Ndinkaseka nawo. Kusekedwa kotero kunkandikomera.

Mvula inayamba bwino chaka chimenecho. Ndinabzala chimanga ndi nyemba mothandizidwa ndi aganyu. M'nyumba matumba anali ochepa, popeza chaka chapitacho ndinathera nthawi kuchipatala m'malo mopalira, koma ndinkati tikadya mosamala tikumana nacho chimanga chachiwisi.

Disembala

Chimanga chitafika m'mawondo, masamba anayamba kubowoka. Ukasuzumira mkati mwa nsonga unkapeza mbozi itadzipinda, itazunguliridwa ndi zonyansa zake. Ena ankathira phulusa, ena dothi, ena sopo wa ufa. Ine ndinayesa zonsezo. Khirisimasi itadutsa, mvula inangoti zii. Mitambo inkasonkhana masana, mphepo n'kuimwaza.

Kumsika mtengo wa chimanga unayamba kusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Mphekesera zinachuluka kuposa chimanga. Ankati magalimoto akuwolotsa matumba kupita ku Malawi. Ankati amalonda akubisa chimanga kuti chikwere. Wina anati wamva pawailesi kuti thandizo lili m'njira, wina anati thandizolo ladutsa kale kupita kumaboma ena. Bambo wa kuseri kwathu anagulitsa njinga yamoto imene ankanyamulira anthu. Mabanja ena anatumiza ana kumudzi, kumudzi nako n'kuwabweza.

Woyandikana nane mpanda anali Abiti Saidi, mayi wa Chisilamu wochokera ku Meponda, amene ankakwera ndi usipa wouma kuchokera kunyanja n'kumagulitsa kumsika. Tinkapatsana moni pampanda, tinkabwerekana moto, basi. Iye ankanditchula "vizinya," kutanthauza mnansi.

"Vizinya, chaka chino chatiyang'ana ndi diso loipa," anatero tsiku lina akuyanika zovala.

"Tidzaona, Mulungu alipo," ndinayankha ngati munthu amene nkhaniyo siikumukhudza.

Januwale

Thumba lomaliza linatha mwezi usanafike pakati. Lefoma ikabwera ndinkayamba ndagula mankhwala a bambo, chotsala n'kugulira tiufa ta m'mapepala timene tinkatha sabata isanathe.

Tsiku lina ndinatenga madeya kuti ndikawaze palata monga mwa nthawi zonse. Ndili pakhomo ndinaima, n'kuwayang'ana m'manja mwanga. Ndinabwerera m'nyumba. Ndinawapeta, ndinawasinja mumtondo nditayala chiguduli pansi kuti musi usamveke, ndinawasefa, n'kuphika nditatseka chitseko. Nsima yake inali yakuda, yowawirira, yokanda kukhosi. Ndinawapatsa a Mateusi ndi masamba a chisoso. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anadya.

M'mawa mwake njiwa zinabwera monga kale. Zinayendayenda palata lopanda kanthu, zikhadabo zikulira kwee kwee pachitsulo, n'kuuluka. Mpheta zinayesa masiku angapo, kenako zinaleka. A Mateusi ankandiyang'ana ndikamadutsa, koma sanamenye mpando.

Kuchigayo madeya anali atasanduka malonda, ndipo anthu ankawalimbirana. Ine ndinkafika nditavala nsalu yabwino, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Ndipatseniko a mbalame za bambo. Mukudziwa, akapanda kuziona sadya."

Mwini chigayo, polemekeza a Mateusi, ankandipatulira padera osaima pamzere. Mawu amenewo ndinkawanena mosavuta. Koma mawu akuti "tikudya ndife" ankandikanika.

Mwana wathu Selina, amene anakwatiwa ku Nampula, ankaimba foni.

"Amayi, tikumva kuti kumeneko zinthu zavuta."

"Zavuta kwa ena. Ife tili bwino. Samala ana ako."

Chimene chinkandipweteka n'chakuti mbalame zinalibe njala. Nditasiya kuzipatsa madeya sizinapite kutali, zinangosintha kodyera. Mpheta zinkalendewera pa udzu wa m'mbali mwa mpanda n'kumapulula njere. Njiwa zinkatola mbewu za bonongwe. Timba ankatuluka m'nyemba ndi mbozi yonenepa kukamwa. Ndinkakhala pafupi ndi a Mateusi, m'mimba mukulira, n'kumaziyang'ana zikukhuta pakhomo panga pomwe.

Mapichesi tinali titawadya kale ali osapsa. Masana ena ndinaona pumbwa akulowalowa kuseri kwa bafa, kumene kunamera tchire. Ankatuluka ndi kanthu kachikasu kukamwa. Nditapita ndinapeza chitsamba cha jamu chimene chinamera chokha, zipatso zake zitapsa m'timatumba tawo. Pumbwa sanathawe msanga. Ndinamuponyera mwala. Ndinagwada pamenepo, pambali pa ngalande ya madzi a kubafa, n'kumatola zipatsozo, zina zojompha kale mbalame, n'kumaponya m'kamwa osatsuka. Nditatembenuka ndinapeza a Mateusi atapotoza khosi pampando wawo akundiona. Anabweza nkhope mwamsanga n'kuyang'ana kumwamba, ngati akufuna mbalame ina mumtengo. Zotsalazo ndinawapatsa m'mbale, nditazitsuka.

Febuluwale

Mvula inabwerera mwaukali, chimanga chambiri chitafota kale. Kunazizira ngati mwezi wa Juni. Anthu anathamangira kubzalanso nyemba ndi mbatata, inenso ndinabzala, ndekha tsopano, popeza aganyu ndinalibe chowapatsa.

A Mateusi anayamba kutsegula m'mimba. Madeya sankakhazikika mwa iwo. Mapazi anatupa, nkhope inagwa, lamba ndinamubowola kawiri. Powanyamula kupita nawo pampando ndinkamva mafupa a m'nthiti pa mkono wanga. Namwino kuchipatala anandifunsa kuti akudya chiyani. Ndinati akudya bwino, kungoti alibe chilakolako.

Mwezi womwewo thandizo lija linamveka zoona. Sekeretario wa dera lathu, amene amayang'anira za anthu a ku Sanjala kuno, anayenda khomo ndi khomo ndi anzake kufunsa mabanja amene avutikitsitsa. Ndinawaona pawindo akutuluka kwa Abiti Saidi. Ndinakonza mpango kumutu, n'kuima kuseri kwa chitseko kudikira kugogoda. Ndinawamva ataima pageti.

"Apa ndi pa a Mateusi."

"Apa tidutse. Anthu akudyetsa mbalame awa."

Anadutsa. Ndikanatha kutsegula chitseko n'kuwaitana. Dzanja linali pachogwirira, koma silinayende.

Sabata yotsatira ndinapita kuchigayo. Mzere wa madeya unali wautali, anthu ataima pamatope. Mwini chigayo atandiona anatulutsa kathumba kanga pansi pa tebulo. Ndisanakalandire, mayi wina wachitsikana anachoka pamzere. Anali Roza, wa kumunsi kwa msewu wathu, amene mwamuna wake anapita kukakumba golide osabweranso. Kumsana anali ndi mwana amene tsitsi lake linali litafiira.

"Dona Luwiza, amenewo ndi a mbalame?"

Anthu onse anatembenuka.

"Ndi a mbalame, eti? Ine ndaima pano chiyambire m'mawa. Mwana uyu dzulo wagona ndi madzi otentha. Inu mukubwera ndi nsapato zanu, osaima pamzere, kudzatengera njiwa chakudya. Mulungu amene mumamupembedza kutsogolo kwa tchalitchi uja ndi yemweyu?"

Wina kumbuyo anati, "Muuze, mwana iwe." Wina anati, "Olemera alibe chisoni."

Mawu oti andipulumutse analipo, awiri okha, ndipo ndinkawadziwa. Koma ndinayang'ana nkhope zija, azimayi amene ankandipatsa mpando pamaliro, amene ankandifunsa malangizo a ukwati, ndipo ndinaona kuti kutchedwa wouma mtima kunali kopepukirako kusiyana ndi kutchedwa wanjala. Ndinatenga kathumba kaja n'kumupatsa Roza m'manja mwake aang'ono, okhala ndi chibangili cha pulasitiki.

"Tenga, mwanawe. Mbalame zidya zina."

Sanathokoze. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndikuyenda mowongoka mpaka pokhota msewu. Tsiku limenelo a Mateusi anamwa madzi a masamba a maungu basi.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinamva Abiti Saidi akuitana pampanda.

"Vizinya, tabwerani kuno."

Anandipatsira pamwamba pa mpanda kambale kovundikira ndi nsalu. Munali zinyenyeswa za usipa, zija zimatsalira pansi pa thumba, ndi kaufa koyera m'pepala.

"Ndamva kuti mbalame zanu zalandidwa chakudya kuchigayo," anatero osaseka. "Kaya zimadya usipa?"

Ndinalephera kumuyang'ana. "Zimadya," ndinatero.

Anatsitsa mawu.

"Dona, mpanda uwu ndi wa udzu. Lata lija lakhala lopanda kanthu chiyambire Januwale, ndimaliona. Fungo la madeya pamoto ndimalidziwa, ndakulira momwemo. Ine ndilibe zambiri. Nsomba sizikuuma ndi mvulayi, msewu wa ku Meponda magalimoto akutitimira. Ichi ndi cha lero ndi mawa. Nanga mkuja?"

"Mukanandinenera kwa a sekeretario," ndinanong'ona.

"Ndinanena kale. Anandiseka. Anati mwini wake akulengeza kuchigayo kuti akudyetsa mbalame, iwe ndiwe ndani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, vizinya. Bambowo sangathe kudzinenera. Pakamwa pawo ndi inu."

Ndinaphika phala la ufa woyera uja, n'kusinjiramo usipa. Ndikuwamwetsa, a Mateusi anagwira dzanja langa ndi dzanja lawo lamanzere. Analimbana ndi lilime kwa nthawi, malovu akutsika, mpaka mawu anatuluka.

"Luwiza. Nena."

Kaya anamva za pampanda, kaya anali nazo kale mumtima, sindinawafunse.

Malichi

Chimanga cha thandizo ankagawira pabwalo la sukulu. Ndinapita nditavala nsalu yanga yabwino yomwe ija, chifukwa ndinaona kuti kuvala sanza tsiku limenelo kukanakhala bodza linanso. Anthu anali atakhala pansi m'magulu, matumba ataunjikidwa pakhonde la kalasi. Nditalowa, manong'onong'o anayenda ngati mphepo m'chimanga.

"Abwera kudzatengera njiwa."

Ndinapita kwa sekeretario n'kupempha kuti ndilankhule naye pambali. Anali wotopa, thukuta lili pamphumi, anthu akumukoka uku ndi uku.

"Dona Luwiza, pambali palibe lero. Ndikapita nanu pambali anthu awa ati mwandipatsa kanthu. Ngati muli ndi mawu, nenani pompano."

Ndinatembenuka. Kutsogolo kwenikweni kunali Roza, mwana ali pamiyendo. Abiti Saidi anali chakumbuyo, atafunda mpango wake, akuyang'ana pansi.

"Abale anga," ndinayamba. "Mbalame za kwathu zinasiya kudya madeya mu Januwale. Madeya amene ndinkatenga kuchigayo tinkadya ndife, ine ndi bambo. Chimanga chinatithera. Bambo atupa mapazi. Ndinkachita manyazi kunena."

Ndinkayembekeza kuti aseka. Kuseka ndikanakupirira. Koma kunangoti zii, ndipo anthu anayamba kuyang'ana kumbali, wina kukonza mpango, wina kutonthoza mwana amene sankalira. Ndinaima pamenepo ngati ndavula pamsika.

Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu ndi amene anayamba. "Iii, Dona Luwiza, mpaka kufuna kumupha mwamuna chifukwa cha nsapato?" Ananena mokalipa, koma anasendera n'kundipatsa malo pansalu yake.

Sekeretario anakanda kumutu. Anati matumba anabwera owerengeka, ndipo thumba lililonse lili ndi mwini wake. Za ife azitumiza kuti tidzalandire ulendo wotsatira. Ulendo wotsatirawo unali kutali, ndipo aliyense ankadziwa. Ndiye mayi wachikulire uja anavula mpango wake wa paphewa n'kuuyala pansi. Atalandira gawo lake anatapa ndi manja awiri n'kuthira pampangopo. Wotsatira anachita chimodzimodzi. Sanachite onse, ndipo ena anadutsa akung'ung'udza kuti a lefoma nawonso ayamba kulanda za amphawi. Ine ndinakhala pansi pambali pa mpangowo, maso ali pa zala za kumapazi, ndikumva chimanga chikugwa pang'onopang'ono. Manja ndinkawaona, nkhope ayi. Manja ena anali aang'ono, okhala ndi chibangili cha pulasitiki, ndipo anathira mofulumira mpaka chimanga china chinatayikira pansi. Amenewo ndinawadziwa kuti ndi a Roza.

Madzulo ake ndinamuimbira Selina n'kumuuza zonse. Analira, kenako anandikalipira ngati ndine mwana wake, ndipo kumapeto kwa mwezi anatumiza thumba pa basi.

Epulo ndi Meyi

Mapazi a a Mateusi anaphwa pang'onopang'ono. Nyemba zobzala mochedwa zija zinabereka, mbatata nazo zinachita bwino ndi chinyezi cha mu Malichi. Chimanga ndinakolola chochepa, zisononkho zazifupi zodyeka kunsonga, koma chinali chathu. Mitengo kumsika inatsika anthu atayamba kukolola, mphekesera nazo zinatha.

Kuchigayo ndinayamba kuima pamzere. Poyamba azimayi ankandipatsa njira, ine n'kumakana, mpaka anazolowera. Ena anasiya kunditchula Dona, n'kumangoti mayi a Selina. Abiti Saidi ndinamupititsira nyemba zoyamba, iye n'kunditumizira usipa weniweni, wathunthu, nyanja itayambanso kupereka.

Roza yekha ndi amene ankandithawa. Akandiona mumsewu ankakhotera m'kanjira ka pakati pa nyumba. Kutchalitchi anasamukira kumbuyo. Ndinamva kwa anthu kuti mwana wake anagonekedwa kuchipatala koma anachira.

Tsiku lina la mu Meyi, kukuzizira, ndinathira nyemba m'kathumba n'kutsika kumunsi kwa msewu. Ndinamupeza akuchapa pakhomo la kanyumba kake. Atandiona anaimirira, manja akudontha thovu, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna pothawira.

"Mayi, ine tsiku lija kuchigayo... sindinkadziwa. Ndinakulandani chakudya cha odwala. Ndinakutukwanani pa anthu."

"Unanena zimene ndinakuuza ndekha," ndinatero. "Ukanadziwa bwanji?"

"Koma bambo akanamwalira..."

"Nanga mwana wakoyu?"

Mwana uja anatuluka m'nyumba akukwawa, tsitsi lakuda litayamba kumera pansi pa lofiira lija, n'kugwira mwendo wanga kuti aimirire. Ndinapereka nyemba zija. Roza anapukuta manja pansalu, anagwada n'kulandira, nkhope atatembenuzira kumbali. Inenso yanga inali kumbali.

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Mpando ndilibe."

Ndinavula nsapato n'kukhala pamkeka, ndipo ndinamuthandiza kufinya zovala zotsalazo.